Mwamuna amene tinabwerekana mu layini

Chaka chimene amuna anatha mu komboni yathu ya m'minda ya tiyi ku Honde, wanga anali m'gulu loyamba kunyamuka. Anati akupita ku Joni kwa miyezi yochepa chabe. Anandisiyira ana awiri, wailesi yopanda mabatire, ndi nyumba ya kampani yolembedwa m'dzina lake.

Vuto linali pa nyumbapo. Ife akazi tinkathyola tiyi mame asanaume, dengu kumsana, zala zili ming'alu yokhayokha, koma kampani inkatitenga ngati aganyu. Nyumba inali ya mwamuna wolembedwa ntchito. Iye akachoka, inu tulutsani mapoto. Malemu amayi anga, amene anachoka ku Mulanje ali mtsikana, lamuloli linkawaseketsa mpaka misozi, poti kwawo mwamuna ndiye amadzakhala pakhomo pa mkazi, ndipo akavuta amamunyamulitsa bulangete lake. Ine silinkandiseketsa. Anzathu Achimanyika, eni dziko lino, akathamangitsidwa ankakwera phiri kupita kumudzi kwawo. Ine ku Mulanje sindinapondeko, nanga ndikanafikira kwa yani?

Kenaka tinamva kuti kwabwera kapitawo watsopano woyang'anira nyumba, wochokera ku Chipinge, ndipo ayenda khomo ndi khomo kuona amunawo ndi maso ake. Tinakumana pampopi akazi anayi a makomo oyandikana, tonse amuna athu atathawa. Nzeru inachokera kwa mnzanga wamfupi wa khomo loyamba, amene sankaopa ngakhale m'busa.

"Iyeyu sakuwadziwa amuna athu," anatero. "Timupatse mmodzi."

Mu layini yathu ya nyumba munatsala mkulu wina wa ku Mozambiki, mlonda wopuma ntchito, amene tinkangomutchula kuti asekuru, kutanthauza agogo. Ntchito yawo inali kuwothera dzuwa ndi kukhosomola. Tinawafotokozera kuti agone pabedi, afunde mpaka kumutu, azibuula ngati malungo awagwira. Kapitawo akatuluka, iwo atulukire pawindo la kuseri, adzere m'nthochi, akagone nyumba yotsatira.

"Ndiye kuti ndakukwatirani nonse?" anafunsa, maso atawala.

"Kwa lero lokha, asekuru."

Chimene tinaiwala ndi chakuti palibe mkazi wa kwathu amene angagoneke mwamuna m'nyumba mwake osamupatsa kanthu. Wa khomo loyamba anawapatsa chinangwa. Wachiwiri, posafuna kuchepa, anawapatsa mbatata ndi thobwa. Wachitatu anaphika mazira amene ana ake anali atasiya kale kuwalota. Pofika pawindo langa asekuru anali atalemera ngati thumba la feteleza, ndipo tinachita kuwakoka awiri. Nane ndinawapatsa chikho cha thobwa. Mwati ndikanatani?

Kapitawo atalowa, wodwala wanga sankabuula ayi. Ankaliza nkonono wa munthu wokhuta, bulangete atalikankhira kumutu, mapazi ali pamtunda. Kapitawo anawayang'anitsitsa mapaziwo. Chala chachikulu cha kumanzere chinali chopindika, chosaiwalika.

"Malungo a mu layini muno ndi odabwitsa," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Onse akupinda chala chimodzimodzi."

Anavundukula kumutu. Imvi mbuu, kukamwa yasa, mano atatsala owerengeka.

"Amai, ndivo baba vevana ava?" anandifunsa m'Chishona, akuloza ana anga amene anaima pakhomo. Ankafuna ndinene ndi pakamwa panga kuti nkhalambayo ndi bambo wawo.

"Matenda amakalambitsa, abwana," ndinayankha.

Ndinaona akuluma mlomo kuti asaseke. Koma atatembenuka nkhope inali itauma, ndipo anandifunsa kumudzi kwathu, kumene galimoto ya kampani ikatitule. Apo mantha anandigwira zenizeni.

"Mchombo wanga anaukwirira kuseri kwa layini ino," ndinatero. "Kumudzi kwina ndilibe."

Anayang'ana ana, dengu langa la tiyi pakona, kenaka asekuru. Anawerama, natenga bulangete, nafunditsa bwinobwino mapazi aja.

"Muziwapatsa mankhwala," anatero. "Ndidzabweranso akachira."

Asekuru sanachire. Anadwala malungo amenewo m'nyumba zinayi mpaka mavuto a zachuma amene anathawitsa amuna atayamba kuchepa, ndipo ananenepa moti masaya anabwerera. Amuna a anzanga awiri anabwera, nachita manyazi pomva amene anawasungira makomo. Wanga ndinangomva kuti ali ndi banja lina ku Joni, ndipo zinandiwawa kuposa mmene ndinkaonetsera pampopi.

Asekuru atamwalira panalibe m'bale aliyense wochokera ku Mozambiki. Anthu anafunsana kuti kumutu kwa bokosi kukhale yani. Tinadzuka akazi anayi, tinakhala pamphasa ya namfedwa, ndipo ena anayamba kuseka chamumtima. Ine ndinalira mpaka mawu anatha, chifukwa pa amuna onse amene ndinawadziwa, amene anasungira ana anga denga anali m'bokosimo.