Zalazitatu ndi Kauta Kachitsulo

Inu amene mwakhala pansi n'kumati zanga zada, imvani za bambo wina amene anzake ankamutcha Zalazitatu.

Dzinali linabwera makina odulira malata atamudya zala ziwiri za kumanja ku fakitale. Mabala anapola, koma mantha sanapole. Chitsulo chikangolira pafupi, thukuta linkamutuluka. Ntchito inatha, ndipo ankangobindikira m'chipinda.

Apongozi ake aamuna anali ndi kashopu ka mbedza, ulusi ndi ndodo zowedzera, koma maso awo anali atayamba kuchita khungu. Tsiku lina anamuitana.

"Mkamwini, mwana wanga waonda ndi nkhawa. Abale akuti abwerere kuno ndi ana. Ine ndakana, koma pakamwa panga pokha sipangakwane. Bwerani muzidzandithandiza kukonza makinawa."

Makinawo anali aja okulungira ulusi, omangirira pa ndodo ya mbedza. Kutsogolo kwake kuli kawaya kopindika ngati uta. Msodzi amakatsegula poponya, ndipo akapukusa chogwirira, kautako kamabwerera kokha n'kugwira ulusi, kakulira kuti thwa.

Atangomva kulirako koyamba, Zalazitatu anagwetsa makina n'kuthawira panja. Kuyambira pamenepo ankangosesa ndi kupukuta mashelefu. Apongozi akamakonza, iye ankayang'anira chapatali.

Kenako apongoziwo anagonekedwa kuchipatala kuti akawakonze maso. M'shopu anatsala yekha.

M'mawa wina kunalowa msodzi ali ndi bandeji pansi pa diso. Anaika makina ake patebulo.

"Kauta aka kanatseka kokha ndili mkati moponya. Mbedza inabwerera n'kundikola apa. Pang'onong'ono diso likanapita. Mawa ndikufuna kulowa m'madzi, ana adye. Mukonza?"

Zalazitatu anayang'ana bandejiyo. Akalakwitsa, munthuyu adzapunduka ngati iye. Akakana, apongozi adzapeza shopu ilibe makasitomala, ndipo banja lake lidzapasuka.

"Asiyeni pano, achimwene," anatero.

Anayala kansalu koyera n'kumasula tizomangira ta mbali zonse ziwiri za kautako. Atachotsa kachivundikiro anaona vuto. Sipulingi inali yotheratu mphamvu. Kachitsulo kokankha kauta kanali katadyeka kunsonga. Kagudumu kodutsapo ulusi kanauma ndi dzimbiri mpaka ulusi unakumbamo kamzere. Anapukuta girisi wakale, n'kutenga zipangizo zatsopano m'kabati ya apongozi.

Kagudumu ndi kachitsulo zinalowa bwinobwino. Nkhondo inali pa sipulingi. Ataipanikiza ndi zala zake zitatu, inapulumuka n'kumumenya pamlomo. M'maso mwake munada. Anamvanso phokoso la ku fakitale, anaonanso magazi pa malata. Anakhala pansi pa tebulo, manja ali kumutu.

Mkazi wake, pobweretsa chakudya, anamupeza ali pomwepo. Anagwada, n'kufufuza sipulingiyo mpaka anaipeza kuseri kwa chitseko.

"Bambo a ana, kanthu aka sikangadule ngakhale chikhadabo. Ine ndigwira makinawa, inu lowetsani."

"Manja akukana, mayi."

"Akane, koma alowetse."

Anayesa, inapulumuka. Anayesanso, inapulumukanso. Atapuma mozama, anakoletsa nsonga imodzi m'kabowo kake, n'kukankha inayo pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva mpaka inakhazikika. Anapaka girisi pang'ono n'kumanga zonse. Kenako anatsegula kauta, anatsinzina, n'kupukusa chogwirira.

Thwa.

Thupi lonse linagwedezeka, koma makina sanawagwetse. Anawamangirira pa ndodo, anatsegulanso kauta n'kugwedeza ndodoyo mwamphamvu ngati akuponya. Kautako sikanasunthe mpaka iye atapukusa yekha.

Patapita masiku, anaona msodzi uja akubwera poteropo. Anayang'anitsitsa nkhope yake kufuna bala latsopano, koma munalibe. M'manja ndimo munali makina ena, a anzake.

"Akuti awakonze yemwe anakonza anga," anatero msodziyo.

Apongozi atachira anamusiyira tebulo lokonzera, ndipo nkhani yobweza mkazi inafera m'mazira. Lero asodzi ochokera kutali amadikira pamzere pakhomo pake. Mukamufunsa, amavomera kuti mtima umadumphabe kauta kakalira.

Inunso mwina pali chimene chinakuvulazani, ndipo mukudikira kuti mantha athe kaye musanayambenso. Mwina sadzatheratu. Gwirani ntchitoyo manja akunjenjemera chomwecho, ndipo chikapulumuka, chitoleni muyesenso. Musagonje, abale anga.