Timabotolo Tochokera ku Durban

Amuna anga ndi a Austin, koma kuno ku Kasinje anthu amawatchula kuti Adokotala a Nsomba. Dzinali linayamba ngati chipongwe, kenako linangokakamira.

Anapita ku Joni tisanakwatirane, n'kukapeza ntchito ku Durban kwa mzungu wina. Ntchito yake ukauza munthu amayamba waseka. M'nyumba mwa bwanayo munali chithanki chagalasi chotalika ngati bedi, chodzaza madzi amchere a m'nyanja yaikulu. Mkatimo munkakhala nsomba zabuluu ndi zachikasu, komanso miyala imene iwo amati ndi yamoyo, imakula, ndipo ukapanda kuisamala imafa. M'mawa uliwonse a Austin ankatunga madzi pang'ono m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala, kukhutchumula, n'kuyang'ana mtundu umene madziwo asanduka. Mtunduwo ndi umene unkawauza choti athiremo.

Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi pokha. Ukwati wathu unachitika pa Khirisimasi, ndipo mwana wathu Chimango anabadwa iwo kulibe. Atabwera anamupeza ali ndi miyezi itatu, ndipo akamunyamula ankalira ngati wanyamulidwa ndi mlendo. Tsiku limenelo a Austin anandiitanira pakhonde. Kenako anati, "Mayi a Chimango, ulendo uno ndikungokatsanzika. Ndidzakumba dziwe. Nsomba ndimazidziwa ine. Zikayenda bwino, ku Joni sindidzapondako."

Ine sindidziwa kuyankhula zambiri. Ndinangoti, "Chabwino," koma mpunga umene ndinkapeta unatayikira pansi.

Potsanzikana, bwana uja anawatsegulira kabati kuti asankhe zoyezera madzi zimene akufuna. Zinalipo zamitundumitundu, ndipo chikwama chinali chaching'ono. Iwo anasankha zimene manja awo anazolowera, zoyezera madzi a miyala yamoyo ija, poti bwanayo ankati ndizo zapamwamba kuposa zonse. Anazikulunga m'masokosi kuti zisasweke m'basi.

Amayi anga anatipatsa malo kumapeto kwa munda wa mpunga, pamene ngalande imakhotera. A Austin anakumba okha ndi khasu mpaka matuza anaphulika m'manja, manja amene anali atafewa ndi ntchito ya m'nyumba. Tiana ta makumba anakagula kwa mlimi wina ku Manjawira, n'kubwera nato m'zigubu. Ankatipatsa madeya a mpunga, n'kumathira zitosi za nkhuku m'dziwemo kuti madzi abiriwire. M'mawa ankakhala pa chitsa, timabotolo tao atatindandalika pa thaulo, Chimango ali pamwendo. Mwana uja anazolowera, mpaka mawu ake oyamba anali akuti "somba".

Achimwene anga a Cedric sankadutsa osaponya mawu.

"Alamu, odwala agona bwanji lero? Alipo wa malungo?"

"Sekani, alamu. Tsiku lokolola mudzabwera ndi mbale ziwiri."

"Mbale? Ine ndidzabwera ndi ndowa!"

Mu Okutobala kunatentha moti madzi a m'ngalande anangotsala ngati kachingwe. Ine ndimalawirira kukachapa matewera, ndiye ndinkadutsa pa dziwe dzuwa lisanatuluke. Ndinaona nsomba zitasonkhana pamwamba, zikuyasamula kukamwa ngati ana a mbalame. Madziwo ankanunkha ngati dzira lovunda.

"Bambo a Chimango," ndinatero nditabwerera, "nsomba zija zikungoyasamula pamwamba."

"Zikupempha chakudya zimenezo. Zakula."

Anawonjezera madeya. Koma mawu anga sanawataye. Anatunga madzi, anadontheza mankhwala, n'kundiitana. "Taonani nokha, mayi. Ku Durban madzi akaoneka chonchi, bwana ankandigwira chanza." Ndinayang'ana. Mtundu wake unali wokongoladi, ndipo nanenso mtima unakhala pansi.

Sabata isanathe, ndinapeza dziwe lonse layera ndi mimba za nsomba. Ndinaima pomwepo ndi beseni pamutu. A Austin anandiona ndili chiimire, n'kubwera akuthamanga opanda nsapato.

Alangizi a za nsomba, a Jessie, anafika chakumasana pa njinga yamoto. Anazungulira dziwe, anapisa mkono m'madzi, kenako anatenga timabotolo tija n'kutiyang'ana kamodzikamodzi.

"Izi si zabodza ayi, bambo," anatero mofatsa. "Koma zimayeza zimene miyala ya m'nyanja imafuna. Nsomba zanu zafa chifukwa mpweya unatha m'madzi. Kukutentha, madzi atsopano sakulowa, chakudya n'kumaolera pansi. Pa timabotolo tonseti palibe koyeza mpweya."

A Austin anakhala pa chitsa chao chija. Kenako anati, "Kanalimo m'kabati muja. Ndinakagwira ndi dzanja ili, n'kukabwezera. Kwa bwana mpweya unkapopedwa ndi makina, ndiye sitinkakagwiritsa ntchito."

A Cedric anabweradi ndi ndowa. Analowa m'madzi mpaka m'chiuno, anatola nsomba zonse, n'kukazikwirira kuseri kwa nthochi. Tsiku limenelo sanaseke munthu.

A Jessie anati tikhoza kuyambiranso mvula ikagwa. Koma zimene amuna anga anabwera nazo ku Joni zinali zitathera m'dziwemo, ndipo bwana uja anali atatumiza kale uthenga kuti miyala yake yayamba kuyera ndi kufa chichokereni iwo.

A Austin ndinawaperekeza pa Ntcheu boma kukakwera basi yobwerera ku Joni. Basi itafika, Chimango anawagwira kolala ya malaya, osafuna kusiya. Ndinachita kumutanyula tizala kamodzikamodzi, kondakitala akukuwa kuti, "Madala, tikusiyanitu!" Iwo sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Timabotolo tija musataye."

Sindinataye. Tili pawindo, m'masokosi momwe muja. Masiku ano amatumiza zithunzi za nsomba zabuluu pa foni, ndipo Chimango amaloza n'kunena kuti "ababa". Amayi akuti tikwirire dziwelo tibzalepo mpunga, malo akungowonongeka. Ine ndimangoti adikire kaye. Mvula yagwa, madzi adzaza, muli achule okhaokha.