Kukula Mtima kwa Doña Eulogia

Bungwe la parishi yathu ya San Isidro landituma kuti ndilembe za moyo wa Doña Eulogia Barrientos, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Wapampando wathu, Don Belisario, andipatsa masamba awiri okha. Otsalawo ndi a zithunzi za iwo eni akutsegulira chimbudzi chatsopano cha parishi.

Doña Eulogia anabadwira konkuno ku Chaco, m'nyumba ya dothi yofolera udzu, ngati tonsefe. Ngati tonsefenso, analumidwa ndi vinchuca, kachilombo konga nsikidzi yaikulu kamene kamabisala m'ming'alu ya khoma. Kalelo sitinkakaopa. Sitinkadziwa kuti kamasiya Chagas m'magazi, nthenda yodekha imene imadikira munthu akule, akwatiwe, abereke, kenako n'kuyamba kumudya mtima.

Mayi awo anangogwa n'kufa tsiku lina akukama mbuzi, anthu n'kunena kuti ndi dzuwa. Eulogia anasiya sukulu kuti alere azing'ono ake. Pambuyo pake anakwatiwa ndi Nicanor, woweta ng'ombe amene ankasamala gitala yake kuposa ng'ombezo. Nicanor atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi, Fermina.

Ntchito zawo pa tchalitchi pano tonse tikuzidziwa. Ankachapa nsalu za paguwa, ankasambitsa maliro amene abale ake akuwaopa, ankapititsa msuzi kwa odwala. Mawu oti "ayi" sanatulukepo pakamwa pawo. Munthu ukawaponda phazi m'basi, opepesa ankakhala iwowo.

Chaka chatha miyendo inayamba kutupa. Nsapato zinakana, ndipo ku Misa ankabwera atavala nkhwaila za malemu amuna awo. Pa masitepe a tchalitchi ankaima ngati akupemphera, chonsecho akufunafuna mpweya. Lamulungu lina anakomoka pamzere wa Ukaristia. Don Belisario, amene analonderapo pa geti la chipatala ali mnyamata, analengeza kuti ndi njala chabe, n'kuwamwetsa madzi a shuga.

Ndine ndinawaperekeza kuchipatala cha m'tauni. Anawatenga magazi, anawamata timawaya pachifuwa, anawajambula. Kenako dokotala, mayi wachitsikana wa maso otopa, anakweza chithunzicho pawindo.

"Mayi, mtima wanu wakula."

Doña Eulogia anazyolika. "Zoona, adokotala? Mpaka kuoneka pachithunzi?"

"Bwinobwino. Onani apa."

"Kalanga ine! Ndimayesa ndimabisa."

Dokotalayo anavutika kuwamasulira kuti sakunena za kudzikuza. Anati Chagas yawafooketsa mtima, watambasuka ngati thumba lakale, ukugunda mochedwa, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo. Anawapatsa mapiritsi ochotsa madziwo, anawaletsa mchere, ndipo anati pakufunika kupita msanga kuchipatala chachikulu ku Santa Cruz akawaike kabatire pansi pa khungu koti kazidzutsa mtima ukafuna kugona.

"Mankhwala opha tizilomboto kwa inu achedwa," anatero. "Koma kwa ana amagwira. Nthendayi imatha kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba. Ngati muli ndi mwana wamkazi, akayezetse pamodzi ndi ana ake."

Ngakhale anamva zonsezi, Loweruka lake anapitabe kukalapa tchimo la kukula mtima. Anatiuza okha kuti wansembe wathu, Bambo Anselmo, anawabweza, amvekere, "Doña Eulogia, limeneli ndi la kwa dokotala. Muli ndi lina?" Lina analibe.

Fermina ankaphika pa malo ena odyera m'tauni, ndipo anali ndi ana awiri, Rubén ndi Lidia. Atamva zoyezetsa, anakana.

"Amayi, mukufuna andichotse ntchito? Abwana akangomva kuti Chagas, basi kwanga kwatha. Ndani angasunge munthu woti tsiku lina adzagwera mumphika?"

"Nanga anawa?"

"Ali bwinobwino. Simukumuona Lidia mmene akuthamangiramo?"

"Inenso ndinkathamanga."

"Amayi, nkhani imeneyi ithere pompa."

Doña Eulogia anasisita bondo. "Chabwino. Ndiye ku Santa Cruz sindipita."

"Mwayambatu zamasewera."

"Adokotala anena kuti ndakula mtima, pali ndi chithunzi chomwe. Ndisiyeni ndiukule."

Tinkayesa ndi za tsiku limodzi. Amayi a bungwe la Maria Woyera anapita kukawachonderera, anabwerako ndi mazira. Bambo Anselmo anawauza kuti moyo ndi mphatso yosayenera kuseweretsa, iwo n'kuyankha kuti wa Lidia ndi mphatsonso. Pomaliza ananyamuka Don Belisario, atavala jekete.

"Doña Eulogia, ine monga wapampando, komanso monga munthu wodziwa zachipatala, ndikukulamulani kuti mupite."

"Ayi, Don Belisario. Khalani pansi, mwaimirira pa chakudya cha nkhuku."

Anakhala pansi. Ndinalipo, ndipo ndikuchitira umboni.

Tsiku la ulendo limene achipatala anawapatsa linafika n'kudutsa. Fermina anakwiya, anasiya kubwera. Apa ndi pamene mtanda wawo unalemera. Mapiritsi ankamwa mokhulupirika, mchere anausiyadi, koma madzi anakwera mpaka pamimba. Akagona chagada ankabanika ngati akumira, choncho ankagona chokhala pampando, kolona ili m'manja. Kudandaula sitinawamve. Chokha chimene ankafunsa aliyense wochokera kutauni chinali chakuti, "Mwamuona Fermina? Wanenepa?"

Dzinja litayamba, Fermina anabwera. Anapeza mayi ake milomo itada, miyendo ikuchucha madzi, atayikulunga ndi nsanza zoyera. Anagwada n'kuyamba kulira mokalipa.

"Mukufuna anthu azidzati ndinakuphani ndine!"

"Anthu adzanena zawo, mwanawe. Ine ndikufuna Lidia adzakalambe."

Mlungu womwewo Fermina anatenga ana kupita nawo kuchipatala. Rubén anapezeka alibe nthendayo. Fermina anapezeka nayo, koma mtima wake usanakhudzidwe. Lidia anapezekanso nayo, ndipo anamuyambitsa mankhwala. Dokotala anati pa msinkhu wakewo chiyembekezo n'chachikulu. Zimene Fermina ankaopa kuntchito zinachitikadi: anamuuza kuti akapume kaye, ndipo mpaka lero akupumabe.

Achipatala anaperekanso tsiku lina. Mmawa wa ulendowo Bambo Anselmo anawadzoza mafuta a odwala. Doña Eulogia anavala chipewa chawo chakuda, anyamata n'kuwanyamula pampando mpaka kumsewu. Anakhala pansi pa mtengo kudikira basi, atatsamira phewa la Fermina.

"Lidia wamwa mankhwala?"

"Wamwa, amayi. Akuti akuwawa."

"Awawe."

Basi itatulukira, Fermina anawagwedeza kuti adzuke. Sanadzuke. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamaliza kuchapa. Dalaivala anazimitsa injini, anavula chipewa, ndipo anthu onse anatsika.

Dokotala anandiuza kuti akanapita pa tsiku loyamba lija, mwina akanakhalako zaka zingapo. Sananene motsimikiza, inenso sindiwonjezera. Ena mu parishi muno akuti mayiwa anali oyera, ena akuti anali osamva. Mmawa uliwonse Fermina amaphwanya piritsi, kulisakaniza ndi uchi, n'kuima pomwepo mpaka Lidia atameza.

Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, anamwino adzakhala kuseri kwa tchalitchi kutenga magazi. Bwerani ndi ana, ngakhale amene akuthamanga bwinobwino.

Ambuye awalandire Doña Eulogia, ndipo kumeneko awalole kugona chogona, mpweya osawathawa.