A Lameck Anasiya Bwato ku Kachulu

A Lameck Mpinganjira anali msodzi wa matemba ku Kachulu. M'chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa, bwato lawo n'kutsala pamatope ong'aluka.

"Bambo, ana sangadye bwato," anatero akazi awo, mayi Dinah. "Kayeseni kutauni."

Ananyamuka wapansi, kutsata mtsinje wa Likangala chokwera. Anadutsa minda ya mpunga youma ndi amayi ofukula madzi mumchenga, mpaka anafika ku Zomba. Kumeneko anamva kuti a zankhalango akufuna anthu ozimitsa moto m'phiri, ndipo anakwera.

Tsiku lina ali pantchito kumtunda kwa Mulunguzi, mtsinje umene umathira mu Likangala, anapeza kasupe akutumphuka pansi pa mitengo. Anagwada n'kumwa. Sankadziwa kuti ena mwa madzi amene ankaponyamo ukonde amayambira pamalo oti mwana n'kulumpha.

Nyanja itadzazanso, achimwene awo anabwera kudzawatenga.

"Tiyeni kwathu, nsomba zabwerera."

"Pitani inu, achimwene. Wina atsale kuno kumtunda."

Anatsaladi, naitanitsa banja lawo. Kwa zaka zoposa makumi awiri analambula njira zotchinga moto ndi kubzala mbande m'mbali mwa mtsinje.

Lero mawondo anakana, ndipo amangokhala pakhomo ku Sadzi, mu Zomba momwemo. M'chilimwe, utsi ukayamba kufuka paphiri, amaimirira pabwalo atatsamira ndodo, maso ali kumtunda. Mayi Dinah amangowabweretsera mpando, koma iwo sakhala pansi mpaka utsiwo utazilala.