Tsiku Limene Tinagula Maondo a Aphunzitsi

Ndikukumbukira chaka chimene mphepo inanyamula denga la kalasi yathu ya Sitandade 6 n'kukalitula m'munda wa eni, kutsidya kwa khwawa. Sukulu yathu inali pamtunda, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Nsipe, pamalo poti mphepo imafika isanatope. Malata aja anapindika ngati masamba ouma a nthochi, ndipo mwini munda anakana kuwabweza, akuti anamuthyolera chimanga. Kuyambira pamenepo tinkaphunzira tikuona mitambo. Nthawi ya dzinja zinkatikomera, chifukwa kumwamba kukangoda tinkaweruka. Koma chitafika chisanu cha kwathu ku Ntcheu, chija cholowa mpaka m'mano, ngakhale ife akatswiri a kujomba tinayamba kulifuna denga.

Komiti ya sukulu inayesa nzeru zingapo. Poyamba anati mwana aliyense abweretse mbale ya chimanga, akagulitse. Tinabweretsadi, koma makolo athu sanali ogona: aliyense anatapa cha pansi pa nkhokwe, chofumbwa, moti thumba ukaliika pansi linkafuna kuyenda lokha. Kenako anatipezera ganyu yokumba mbatatesi m'minda ya anthu. Eni minda anatiitana kamodzi kokha, ataona kuti makabudula athu akulemera kwambiri pobwerera kuposa popita. Ndiye panabwera ganizo la chisangalalo cha Loweruka: kwaya, sewero, madala a ngoma ndi zishango zawo, komanso mwambo uja wolipira kuti munthu achite zimene iwe ukufuna.

Kwa inu amene simunauonepo, mwambowu umayenda chonchi. Umapita kutebulo la akuluakulu, kuponya ndalama m'beseni, n'kunong'oneza woyendetsa mwambo kuti, tinene, a wapampando aimirire avine. A wapampandowo ngati sakufuna, ayenera kuponya yoposa yako kuti akhale pansi. Iwe ukawonjezera, kapena wina akakuwonjezerera, nkhani yadzukanso. Amene thumba lake layamba kuuma ndiye wagonja. Tsiku limenelo ulemu umakhala ndi mtengo wake, ndipo palibe amaloledwa kukwiya. Ine mfundo yomalizayi ndinaimvetsa kuposa masamu onse a chaka chimenecho.

Aphunzitsi athu anali a Ndau, bambo wamtali, wowonda, wa jekete imodzi yotuwa yonunkha choko ndi fodya. Chikwapu sankachikonda ngati anzawo. Iwo luso lawo linali kugwaditsa. Ukachedwa, ukalephera samu, ukaseka nthawi yolakwika, ankakutumiza pakhomo pa kalasi pomwe anathirapo dala timiyala ta kumtsinje, ugwade manja ali m'mwamba mpaka iwo akumbukire kuti uliko. Anakhalitsa pasukulupo moti makolo ambiri a m'midzi yozungulira anali ndi zipsera za m'maondo zofanana ndi zathu.

Pamenepo n'kuti ine ndili kale ndi matenda amene ndikudyera mpaka lero, okonda kutsatsa ndi kunenerera. Masiku osapita kusukulu ndinkatsika ndi amayi pa Nsipe kukagulitsa mbatatesi ndi tomato m'mawindo a mabasi, ndipo popeza ndinali nditapusitsapo anthu awiri atatu a m'tauni ndi ndowa yobonyola pansi, ndinkadziona ngati palibe wondiposa boma lonse. Ndiye ndinaitana anyamata a m'kalasi kuseri kwa chimbudzi, komwe kunali ofesi yathu, n'kuwauza kuti tisonkhe, tigule maondo a aphunzitsi. Anasonkhadi. Wina anagulitsa mbewa zake zowamba, wina nzimbe, wina anangoti wazitola ndipo sitinamufunse zambiri. Pangano linali loti ine ndikapereke, koma dzina lisatchulidwe. Angoti pempho lachokera kwa ena ake.

Loweruka lija linacha ndi dzuwa lowala koma losatentha. Bwalo la mpira linadzaza. Kunkamveka fungo la zitumbuwa, thobwa ndi fumbi, ndipo wailesi ya kaseti yolumikiza ku batire ya galimoto inkalira ngati yagwidwa pakhosi. Kutebulo kunakhala a komiti, pakati pawo msungichuma a Nangozo atafungatira beseni, pambali pawo a Ndau atapinda miyendo. Woyendetsa mwambo anali a Zuze, bambo wa pakamwa posapuma amene m'mawa umenewo anali atadutsira kale ku masese. Anthu anayamba ndi zazing'ono: a wapampando anavina, mlembi anaimba nyimbo ya ku mkaka, mkulu wina wa mpingo analipira kuti asavule chipewa poopa kuonetsa dazi.

Ndinadikira phokoso lichuluke, ndinazemba mpaka kutebulo, ndinakhuthula matambala athu, n'kunong'oneza a Zuze zonse, kuphatikizapo za dzina. Iwo anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa, kenako anatenga chimkuzamawu.

"Abale, pempho ili ndi lochokera kwa Yotamu, mwana wa a Nachisale, uyo akuthawira kuseri kwa bulugama uyo. Akuti aphunzitsi Ndau akagwade pa timiyala tawo tija, manja m'mwamba."

Patapita zaka ndinawafunsa chifukwa chake anandiyalutsa chotero. Anati kubisa dzina kunali ndi mtengo wake wapadera, ndipo ine sindinafunse.

Bwalo lonse linatembenukira ku bulugama uja. A Ndau anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyang'ana kuja kowerenga nthiti. Anaimirira mosafulumira, anapisa m'jekete, natulutsa ndalama yapepala n'kuiika m'beseni ngati akupereka chachikhumi. Anangoti, "Sindigwada," n'kukhala pansi. Nditacheuka kuti ndione anzanga osonkha nawo aja, ndinangopeza fumbi.

Apa m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Lamulo loti palibe kukwiya linkatha Loweruka lomwelo. Lolemba linali la a Ndau, ndi Lachiwiri, mpaka kutseka kwa sukulu. Ndinaona kuti nkhani ikathera pomwepa, ndikhala mwana mmodzi wamwano amene anayesa kugwaditsa aphunzitsi ake nalephera, ndipo maondo anga adzamera mizu pa timiyala tija. Koma akagwada chifukwa cha ndalama za mudzi wonse, mlandu ukhala wa tonse, ndipo mudzi wonse sangaugwaditse. Ndinalibe kothawira kwina koma kupambana basi.

M'thumba ndinali ndi kansanza komanga mfundo, momwe ndinkasungamo ndalama ya nsapato. Zinali nsapato zakuda, zoyamba m'moyo wanga, ndipo ndinali nditatha miyezi iwiri ndikunenerera kwa mwini wake pamsika mpaka anafika pobisa nkhope akandiona. Ndinamasula mfundo ija n'kukhuthula zonse. A Ndau anaimirira, anapisanso m'jekete, naponya yoposa, osaphethira n'komwe.

Ndiye ndinalowa m'khamu kukatsatsa katundu wanga. Woyamba anali amalume a Jailosi, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi chipewa cha nthenga, wotchi yosayenda ndi chifuwa chosatha.

"Malume, si inu munkati munathawira ku migodi chifukwa cha bambo awa?"

"Ndinapita kukafuna ndalama, iwe. Usandinamizire."

"Ayi, ndangomva ena apo akuti ndalamazo zinathera pa chipewa."

"Wanena ndani?"

"Sindingatchule. Akungoti beseni lija inu simungaliyandikire."

Amalume anakonza chipewa, anatsokomola, nayenda kupita kutebulo ngati akukagula sukulu yonse. Ataponya, anthu anakuwa. A Ndau anakana. Ndinathamangira kwa amayi ogulitsa thobwa, ndipo sindinavutike nawo: mmodzi anakweza chitenje pang'ono kuonetsa anzake chipsera, n'kutapa m'mbale ya malonda. Mkulu wa mpingo wa dazi uja ankayankhula mokweza kuti zimenezi n'zopanda mwambo, koma ndinamuona ndi maso angawa akupatsira mdzukulu wake kobidi kuti akaponye. Ngakhale mwini munda wokana malata uja anaponya, akuti iye anagwadapo tsiku lathunthu chifukwa cha mbuzi imene sinali yake.

Amene ndinkawaopa anali amayi anga. Anandigwira khutu kuseri kwa anthu, kulipotokola mpaka ndinaona nyenyezi masana. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje chawo.

"Wayamba wekha, umalize. Ine anandigwaditsa ndikudwala malungo."

A Ndau ankakanabe, koma ulendo uliwonse ankachedwa kuimirira. Ankasisita thumba ili, kusisita linalo, kupukuta thukuta, kuyang'ana kumwamba ngati akupempha thandizo. Ife tonse tinkati basi, iyi ndiye yomaliza, tingowonjezera pang'ono agwa. Timawonjezera, iwo n'kupezanso ina. Anthu amene anabwera atalumbira kuti angoonerera anayamba kubwerekana. Madala a ngoma anasiya kuvina, naponya ya mowa wawo. Dzuwa litapendeka, beseni litakhuthulidwa kangapo, a Ndau anaimirira, anatembenuza matumba onse a jekete, n'kugwa timaduka ta choko tokha.

Anayenda okha mpaka pakhomo pa kalasi yopanda denga ija, khamu lonse lili pambuyo. Anapinda buluku bwinobwino, mwendo uwu kenako uwo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti maondo awo anali wamba, otuwa, owonda ngati a wina aliyense. Anagwada pa timiyala tija, nakweza manja popanda wowauza. Nthungululu imene inalira pamenepo ndikhulupirira inamveka ku Champiti. Madala anaponda pansi ndi kumenya zishango, azibambo a ndevu zoyera ankalira misozi ndi kuseka, amalume anaponya chipewa m'mwamba ndipo chinagwera m'thobwa. Ine ndinaima kutsogolo, wopanda nsapato, chifuwa chili patsogolo ngati ndagula galimoto.

Lolemba ndinalawira kuposa tambala. Ndinasesa kalasi, ndinafufuta bolodi, ndinadzola mafuta m'maondo ngati zingathandize. A Ndau anaphunzitsa m'mawa wonse osandiyang'ana. Belu lopumira litalira anati, "Yotamu, tsala."

Anzanga anatuluka akundiyang'ana ngati mmene timayang'anira nkhuku ya alendo.

"Akuti ndiwe katswiri wa malonda pa Nsipe."

"Ndimangothandiza amayi, sala."

"Ndalama zimene ndinkakanira zija, ukuganiza zinali za ndani?"

"Zanu, sala."

"Pa malipiro a uphunzitsi?"

Anaseka, ndipo kanali koyamba kuona kuti ali ndi mpata m'mano. Kenako anandifotokozera modekha, ngati samu ya pa bolodi. Nsalu imene anayala patebulo lija, yobwereka ku tchalitchi, inkafika pansi. A Nangozo akamatsitsa beseni kuti akhuthulire m'chikwama, ankawapatsira ndalama kunsi kwa nsaluyo, iwo n'kuilowetsa m'jekete. Ankatikana ndi ndalama zathu zomwe. Ya amalume anga akuti anakanira nayo kawiri. Kusisita matumba kuja, thukuta lija, zonse anachita kukonza ndi komiti milungu iwiri m'mbuyomo. Iwo eni ndi amene anawauza kuti pasukulu ponse palibe katundu wina amene anthu angamulimbirane kuposa maondo awo.

"Chimene tinkaopa n'chimodzi," anatero, "kuti mwina sipapezeka mwana wopusa mokwanira woti ayambitse."

"Nanga nsapato zanga, sala?"

"Zili padenga. Uzidzaziona ukayang'ana kumwamba. Ndipo wamalonda satulutsa thumba lonse pa kuponya kwachiwiri. Ndinakuwerenga pomwepo kuti watha." Anatola choko, natembenukira ku bolodi. "Tsopano pita ukagwade."

"Ndalakwanji, sala?"

"Palibe. Ngati sukufuna, ponya yokanira."

Ndinapisadi m'thumba, kaya ndinkayembekeza chiyani. Ndinapeza kansanza kaja. Ndinatuluka, ndinagwada, manja m'mwamba, ndipo timiyala tija tinandilandira ngati mbale wawo.

Malata atsopano anakhomedwa mvula isanagwe. Ine kuyambira pamenepo ndagulitsa za kaunjika, mbuzi, mafoni, ngakhale njinga yopanda tcheni, koma munthu akamasisita matumba pamaso panga n'kumati watha, ndimangomwetulira n'kukweza mtengo.

Masiku ano ndili m'komiti ya sukulu ya ana anga, ndipo tikufuna ndalama ya zimbudzi. Zinthu zinasintha. Timapempha pa gulu la pafoni, anthu n'kutumiza tizithunzi ta manja opemphera, ndalama osaoneka. Aphunzitsi a lero sagwaditsa, amakambirana ndi ana, ena mpaka kuwafunsa mmene agonera. Kwa maondo a ana zimenezi n'zabwino, sindikutsutsa. Koma ndinawauza anzanga a m'komiti kuti vuto lathu ndi lakuti tilibe katundu: mphunzitsi wokoma mtima palibe angatulutse ndalama kuti amuone ali pa timiyala. Tsiku lina pakudya ndinafunsa ana anga ngati pali mphunzitsi aliyense amene angamulipirire kuti agwade. Anaganiza nthawi yaitali, osapeza ndi mmodzi yemwe. Kenako wamng'ono, amene amasunga timakobidi take m'chitini pansi pa bedi, anandiyang'ana m'maondo n'kufunsa ngati makolo nawonso amagulidwa.