Mwana Wathu Anabadwira Kuseri kwa Chingwe

Ndinachoka ku Ngokwe chaka chimene thonje linatikana, mkazi wanga Asiyatu ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Makina osokera ndinali nawo, koma osoketsa kunalibe. Ndinakapeza khonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe, n'kumagona pambali pa makina omwewo. Ndalama ndinkapatsira kondakitala wa basi, pamodzi ndi kalata.

M'kalata iliyonse ndinkabwereza mawu amodzimodzi: asakachirire kwa azamba, apite kuchipatala. Mwana woyamba tinamutayira kumudzi, ndiye ndinkadziona ngati wa m'tauni wodziwa zinthu. Anandimvera. Mwezi wake utayandikira, iye ndi mayi ake anakadikirira pachipatala china ku Balaka.

Za kolera ku Balakako ndinamva pa wailesi ndikusoka thalauza la munthu, ndipo ndinalimaliza. Nditatsika sitima pa Balaka ndinapeza pageti la chipatala atamangapo chingwe, pansi pali beseni la madzi a mankhwala. Apongozi anga anali kunja kwa mpanda ndi mapoto awo. Anandiyankhula atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wathu.

"Odikirira odwala tonse anatitulutsa. Phala timapatsira alonda. Tangomva kuti wachira dzana."

Ndinapita kwa mlondayo. "Bambo, ndingomunong'oneza azana, mawu oitanira kupemphero aja, kukhutu mwanayo, ndituluka pompano."

"Iyayi achimwene. Ngakhale ashehe sakulowa."

Ndinakhala pachingwepo masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Asiyatu anatuluka, m'manja muli nsalu yokha. Tsiku lochiralo anayamba kutsegula m'mimba, choncho iye anamutengera kutenti ya odwala kolera, mwana kuchipinda china. Mwanayo anabadwa wochepa, mkaka wa m'kapu sankameza. Anamuika m'manda ndi antchito a pachipatala. Sindinalire, sindinakwiyenso. Ndinangonyamula mapoto a apongozi.

Kumudzi kunalibe maliro. Kwathu khanda losatuluka m'chikuta salilira, ndipo amuna sakhalapo n'komwe. Anthu ankabwera kudzandilonjera, n'kumafunsa mtengo wa shuga ku Limbe. Za makalata anga aja palibe anazitchula. Ndikadakonda wina anditukwane.

Patapita sabata, tikusola chimanga pakhonde, ndinamufunsa Asiyatu ngati mwanayo anali wamwamuna kapena wamkazi. Sanasiye kusola.

"Akuti wamwamuna," anatero. "Inenso sindinamuone."