Nambala za pa Thumba la Abiti Nasir

Abiti Nasir ndinawadziwa ndili ndi zaka khumi, pamene mayi ankandituma kukagula usipa kugombe la Lifuwu. Lero ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimagula mpunga kusikimu n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo zambiri zimene ndimadziwa pa malonda ndinaonera kwa iwo.

Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anawalera ndi usipa. Luso lawo lili pa kufutsa. Amadziwa nthawi youvuula m'madzi owira usanathothoke mitu, ndipo akauyanika pabenchi umatuluka woongoka, wonyezimira. Kale ankapita nawo okha ku Lilongwe. Mawondo atayamba kutupa, foni ndiyo inawapulumutsa. Wogula ankaimba, akamvana iwo ankalongedza thumba, wakabaza n'kulifikitsa kudepoti ya Salima, kondakitala wa minibasi n'kulinyamula. Pathumbapo ankalemba zilembo zikuluzikulu zakuda: dzina lawo ndi nambala yawo, m'munsi mwake dzina la wolandira ndi nambala yake. Kuno aliyense amatero. Kondakitala akafika m'tauni aimbira ndani popanda nambala?

Makasitomala anali nawo khumi ndi anayi. Wakale kuposa onse anali mayi Lilian, amene anaphunzitsapo pasukulu ya pulaimale kuno, kenako n'kukatsegula benchi ya nsomba ku Kawale. Awiriwa anagulitsana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osakanganapo.

Mafoni a akuba amativuta tonse. Ine ndikangomva kuti ndawina mpikisano umene sindinalowe, ndimadula. Koma Abiti Nasir ankawakonda mafoniwo. Ankatsegula sipika kuti amayi onse a pamabenchi amve.

"Amayi, tikuimba kuchokera kulikulu. Mwapata mphoto ya mbaula yamagetsi."

"Alhamdulillah! Ikani paminibasi, achimwene, ndikalandira kudepoti."

"Ayi amayi, muyambe mwatchula nambala yanu yachinsinsi."

"Inu achimwene, sukulu munalekezera pati? Kuno kulibe magetsi, mbaulayo ndizikhalira? Nanga amayi anu akudziwa kuti ntchito yanu ndi imeneyi?"

Amayi ankagwirana mapewa ndi kuseka. Abiti ankatha kumusunga wakuba pafoni mphindi makumi awiri. "Ndimuthere mayunitsi," ankatero, "asakapeze oimbira munthu wogona."

M'mwezi wa Ramazani chaka chatha, mayi Lilian anawaimbira Abiti masana.

"Abiti, za parodibuloku bwanji simunandiuze?"

"Rodibuloku iti, amayi aphunzitsi?"

Nkhani inali iyi. Minibasi itangonyamuka ku Salima, munthu wina anawaimbira mayi Lilian kuti ndi kondakitala. Anati matumba awo awiri ochokera kwa Abiti Nasir atsitsidwa panjira, ndipo ngati satumiza chindapusa pompo, usipa ulandidwa. Dzina analitchula bwino, matumba analidi awiri. Mayi Lilian anaimbira Abiti kasanu kuti afunse, foni inali bize. Anatumiza. Patapita maola awiri kondakitala weniweni anafika ndi matumba, osadziwa kalikonse.

Nthawi imene mayi Lilian ankaimba ija, Abiti anali pafoni ndi mnyamata wina amene ankati wawatumizira ndalama molakwitsa. Ankamufunsa ngati ali wokwatira.

M'milungu itatu zinachitikira makasitomala asanu ndi mmodzi. Ndinakhala pansi n'kuyala masiku ndi nthawi zake, ndipo zinafanana zonse: foni yopita kwa wogula inkalira ola lisanathe minibasi itanyamuka, ndipo nthawi yomweyo Abiti ankakhala akucheza ndi wakuba wina. Akubawo anali awiri, wina wogwira Abiti pafoni, wina wokolola kwa wogula. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti maina ankawapeza kuti.

Ndinachiona Lachinayi lina ndikukweza mpunga wanga kudepoti. Thumba la Abiti linali chiimire pambali pa minibasi, kudikira kuti idzaze. Linakhala pamenepo pafupifupi maola awiri. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, manambala onse awiri ndinkawawerengabe bwinobwino. Padepoti pamadutsa anthu mazanamazana, ndipo aliyense ali ndi foni yojambula. Mpaka lero sitikudziwa kuti anali ndani.

Nditawafotokozera, Abiti anandifunsa:

"Ndiye kuti, Hidaya mwananga, ine ndikuseka, iwo ali pantchito?"

"Zitheka amayi, musadandaule. Tadziwa pamene pakudontha."

Ndinkakhulupiriradi kuti zitheka. Tinayesa kuika manambala pakapepala m'kati mwa thumba, makondakitala anakana. Wina anati, "Ndizimasula thumba lililonse m'depoti ya Lilongwe? Ine si wakasitomu." Tinayesa kumpatsa kondakitala kapepala m'manja, wachitatu anakataya, thumba linagona panja n'kuvumbwa ndi mvula. Abiti anasiya kuyankha manambala achilendo, koma makondakitala nawo amaimba ndi manambala achilendo.

Apo ndipo ndinawalangiza kuti agule simu ina, ayambirenso. Nzeru imeneyi inali yanga, ndipo ndiyo inamaliza zonse. Sindinadziwe kuti akuba aja anali atadutsa kale njira imeneyo. Anali ataimbira ogula angapo kuti Abiti asintha nambala, ndalama za usipa azitumiza pa yatsopano. Ogulawo anachenjezana. Choncho Abiti ataimba okha, ndi pakamwa pawo, kuti, "Ndine Abiti Nasir, nambala yanga tsopano ndi ino," anthu ankangodula. Bambo wina anawatukwana asanadule. Ine ndinali pomwepo, ndinamva.

Ku Lilongwe mbiri inali itamveka kuti mayi wa ku Lifuwu ali m'gulu la akubawo. Ndani wina akanadziwa tsiku, dzina ndi kuchuluka kwa matumba? Za manambala a pathumba tinafotokoza, koma ankayankha kuti matumba a anthu ena nawonso amalembedwa, bwanji amangosankha a Abiti. Yankho lake ndinali nalo: enawo amadula foni msanga, kasitomala akaimba amawapeza. Koma yankho lotere ndi lalitali, ndipo munthu amene waberedwa samvetsera mpaka kumapeto.

Pofika mwezi wa Juni, mwa khumi ndi anayi aja anatsala mayi Lilian okha. Kenako nawonso anasiya kuitanitsa. Abiti anabwereka foni yanga n'kuwaimbira.

"Amayi aphunzitsi, zaka zonsezi ndinakuberanipo ngakhale mutu wa usipa?"

"Sindikunena kuti ndinu, Abiti."

"Nanga mukunena kuti ndani?"

"Sindikudziwa. Koma foni ikalira n'kumva dzina lanu, mtima umandigunda. Bambo akunyumba andiletsa. Tiyeni tipume kaye."

"Wallahi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu..."

"Musalumbire, Abiti. Mukhale bwino."

Usipa suyembekezera munthu. Umene anafutsa mlungu umenewo unayamba kufiira m'matumba. Ine ndimakwera minibasi limodzi ndi mpunga wanga, choncho ndinawapempha kuti ndiwanyamulireko thumba limodzi. Ndinalitsitsa ku Kawale osanena kuti ndi la ndani. Linatha dzuwa lisanafike pamutu. Theka anatenga bambo Fanuel, amene anagula kwa Abiti zaka zisanu ndi ziwiri. Anatapa usipa, kuununkhiza, n'kuthyola umodzi.

"Mtsikana iwe, uwu ndiye usipa! Uzibwera nawo wekha chonchi, maso ndi maso. Osati zija za mayi wa ku Lifuwu ndi anyamata ake a mafoni."

Ndinatsegula pakamwa, koma m'thumba munali mutatsala usipa. Ndinangoti zikomo.

Pobwerera ndinawapeza Abiti akutembenuza usipa pabenchi. Ndinawauza kuti watha wonse, ndi zimene bambo Fanuel ananena. Sindinabise liwu.

"Koma amayi, taonani ubwino wake," ndinatero. "Tiwasiye azolowere miyezi iwiri, kenako ndidzawauza kuti manja ndi omwe aja. Adzachita manyazi, adzabwerera onse."

"Usadzanene."

"Chifukwa chiyani? Usipawu ndi wanu."

"Ukadzanena, adzati nawenso uli m'gulu. Adzasiya usipa, adzasiyanso mpunga wako." Anapukuta manja pachitenje. "Uzingonyamula. Dzina langa ulisiye kuno."

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ogula asanu ndi anayi mwa akale aja akudya usipa wa Abiti Nasir mlungu uliwonse, ndipo mayi Lilian ndi mmodzi wa iwo. Akandifunsa amene amandifutsira, ndimati ndi azakhali anga a ku Senga Bay.